Moto wa m'chire ndi anyanchito a m'mapulazi: citetezo ndi ufulu wao ku Silverest m'boma la Chongwe

Caka ciri conse, kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira mvula yoyamba ya mu Novembala, utsi umaphimba madera a kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka. Oyenda pa mseu wa Great East Road amaona udzu ukuyaka m'mbali mwa mseu, ndipo m'madera onga Silverest, Palabana ndi Kanakantapa moto wa m'chire ndi cinthu cozolowereka. Motowo ukayandikira munda, khola kapena nkhokwe, oyamba kuitanidwa kuti akauzimitse ndi anyanchito a pa pulazi pomwepo, ndipo kawirikawiri amathamangirako atanyamula nthambi za mitengo cabe. Munthu amene analembedwa nchito yopalira kapena yodyetsa nkhuku amasanduka wozimitsa moto, wopanda maphunziro ndi zovala zoyenera. Nkhani ino ifotokoza za ngozi imene anthuwa amakumana nayo, zimene malamulo a dziko lino anena, ndi zoyenera kucitika moto usanabuke.

Dera la Silverest

Silverest iri m'boma la Chongwe, m'cigawo ca Lusaka, m'mbali mwa mseu wa Great East Road, munthu akangopitirira mphambano yopita ku bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda. Tauni ya Chongwe iri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kucokera ku Lusaka, ndipo Silverest iri pakati pa malo awiriwa. Eni nthaka a m'bomali ndi Asoli, amene mfumu yao yaikulu ndi a Nkomeshya Mukamambo II.

Kale derali linali la mapulazi akuluakulu ndi mabusa a ng'ombe. Mzinda wa Lusaka utayamba kukula kulowera kum'mawa, mapulazi ena anagawidwa kukhala mapuloti. Lero ku Silverest kuli nyumba zamakono, sukulu ya University of Lusaka, makola a nkhuku, madimba a ndiwo zamasamba, komanso mapuloti ambiri amene eni ake sanayambe kumangapo. Pa mapuloti otere udzu umakula kwambiri m'dzinja, ndipo pofika Ogasiti umakhala utaumiratu. Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala chire. Ku Silverest chire latsala pakati pa nyumba, minda ndi makola, kotero moto woyambira pa dzala la zinyalala sucedwa kufika pa munda wa mnansi.

Nyengo ya moto ndi magwero ake

Akatswiri a za nkhalango amagawa moto wa m'chire m'magulu awiri. Woyamba ndi wa mu Meyi ndi Juni, pamene udzu ukali ndi cinyezi. Moto umenewu umayenda pang'onopang'ono ndipo nthawi zambiri umazima wokha usiku kukazizira. Waciwiri ndi wa mu Ogasiti, Sepitembala ndi Okutobala, pamene kumatentha kwambiri, mpweya uli wouma ndipo mphepo imaomba mwamphamvu. Kafukufuku amene anayambika ku Ndola mu 1933 anaonetsa kuti moto wa kumapeto kwa cilimwe, ukamabwerezedwa caka ndi caka, umapha mitengo ikuluikulu ya miombo, pamene woyambirira suononga kwambiri. Moto womwewo umene umapha mitengo ndiwo umapha anthu.

Zithunzi za setilaiti zaonetsa kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a nthaka ya Zambia limapsa caka ciri conse. Pafupifupi moto wonsewu umayambitsidwa ndi anthu: osaka mbewa, ofula uci, oocha makala, ososa minda, oweta ofuna msipu watsopano, ndi oocha zinyalala. Pa pulazi moto ungayambenso ndi makina okololera amene atentha, kapena waya wa magetsi wogwera pa udzu.

Miyezi yoopsayi ndiyonso ya kukolola tirigu wothirira, amene amabzalidwa mu Epulo ndi Meyi nakololedwa mu Sepitembala ndi Okutobala. Ndi nthawi yomweyo pamene mapesi ndi mitolo ya udzu wouma zimakhala cakudya cokhaco ca ng'ombe. Mwini pulazi amaona cuma ca caka conse ciri pafupi kupsa, ndipo apa ndi pamene anyanchito amaumirizidwa kulowa pamalo osayenera kulowapo.

Cilala cimakulitsa vutoli. Pa 29 Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko lino a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko, cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni citaonongeka. Caka comweco magetsi anali kuzima kwa maola ambiri pa tsiku, ndipo mapampu a pa zitsime anali kuima. Mtsinje wa Chongwe naonso umaphwa m'zaka za mvula yocepa. Pulazi imene sinasungiretu madzi m'thanki imapezeka yopanda cozimitsira moto pa tsiku limene madziwo afunika.

Ngozi kwa wanchito

Moto wa udzu wautali, mphepo ikamaukankha, ungathe kuthamanga koposa munthu. Umafulumira kwambiri pokwera citunda, ndipo mphepo ikatembenuka, mbali imene inali kuyaka pang'ono imasanduka mutu wa moto. Kutentha kwa malawi kumaocha khungu munthu akali patali, ndipo mpweya wotentha umatupitsa njira zopumira. Utsi umacititsa khungu kwa kanthawi, munthu nasokera, osadziwa kothawira. Mpanda wa waya kapena wa njerwa, umene uli pa mapuloti ambiri a m'derali, ungatsekere munthu njira.

Zovala nazo ziri ndi mbali yake. Malaya a nailoni ndi nsalu zina zonga pulasitiki zimasungunuka ndi kumamatira pa thupi, comweconso majombo a pulasitiki ndi mapatapata. Nsalu ya thonje yokhuthala ndi nsapato za cikopa zimateteza bwinopo. Pa pulazi pamakhalanso mafuta a dizilo, feteleza ndi mankhwala ophera tizilombo, zimene zikapsa zimatulutsa utsi wa poizoni.

Palinso ngozi imene sioneka tsiku lomwelo. Utsi wa udzu uli ndi tizidutswa tating'onoting'ono timene timalowa mpaka m'kati mwa mapapo. Anthu odwala mphumu, mtima kapena cifuwa cacikulu ca TB, azimai apakati, ana ndi okalamba ndiwo amavutika msanga. Wanchito wopitiriza kukolola m'munda wodzala utsi amapuma mpweya wambiri cifukwa ca kulemera kwa nchitoyo, motero amameza utsi wocuruka koposa munthu wokhala pansi.

Cimene cinacitika ku Esigodini

Citsanzo ca ngozi yotere cinaoneka m'dziko loyandikana nalo la Zimbabwe. Pa 10 Okutobala 2022 amuna 10 anafa pa pulazi ina ku Esigodini, m'boma la Umzingwane, m'cigawo ca Matabeleland South, pamene anali kuyesa kuzimitsa moto wa m'chire. Udzu, nyengo ndi kagwiridwe ka nchito ka m'mapulazi a kumeneko sizisiyana kwenikweni ndi za ku Chongwe. Udzu umene anthuwo anafera unameranso mvula itagwa, koma mabanja ao anataya okondedwa ao.

Zimene malamulo anena

Citetezo ca anyanchito a m'mapulazi pa nkhani ya moto cimacokera m'malamulo angapo a za nchito. Mu 2010 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la Occupational Health and Safety Act, limene linapatsa wolemba nchito udindo wosamala za umoyo ndi citetezo ca anyanchito ake, kuwaphunzitsa za ngozi za pa nchito yao, ndi kuwapatsa zovala ndi zipangizo zodzitetezera popanda kuwalipiritsa. Lamulolo linanenanso kuti pamalo pamene pali anyanchito 10 kapena kuposerapo pakhale komiti yoona za umoyo ndi citetezo, yokhala ndi oimira mbali zonse ziwiri.

Mu Disembala 2013 dziko la Zambia linavomereza pangano nambala 155 la bungwe la za nchito pa dziko lonse la ILO. Panganoli likuti wanchito amene wacoka pamalo cifukwa cokhulupirira, pa zifukwa zomveka, kuti moyo wake uli pa ngozi yaikulu ndi yapafupi, asalangidwe. Iye afunika kudziwitsa kapitao nthawi yomweyo, ndipo wolemba nchito sangamuumirize kubwererapo ngoziyo isanacotsedwe. Tanthauzo lake pa pulazi ndi lakuti kuthawa moto wolusa si kunyozera nchito. Pa nthawi yomweyo Zambia inavomerezanso pangano nambala 129, lonena za kuyendera malo a nchito za ulimi.

Lamulo la Employment Code Act la 2019 limakhudza maola ndi malipiro. Wogwira nchito kupitirira maola 48 pa sabata ayenera kulipidwa ovataimu pa mlingo wa malipiro a ola limodzi ndi theka, ndipo pa tsiku la chuthi ca boma kapena lopumula alipidwe kawiri. Kwa alonda malire ndi maola 60. Kuzimitsa moto usiku mwa lamulo la bwana ndi nchito, ndipo maola ake ayenera kuwerengedwa. Lamuloli limaikanso malire pa ndalama zimene wolemba nchito angadule pa malipiro, kotero sangangodula ndalama za mbeu zopsa mwa kufuna kwake.

Woyatsa moto naye ali ndi mlandu. Lamulo la milandu la Penal Code limaika kuocha dala nyumba, mbeu za m'munda kapena udzu wolimidwa pakati pa milandu ikuluikulu ya ndende. Lamulo la Forests Act la 2015 limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa popanda cilolezo, ndipo bungwe la ZEMA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limayang'anira za kuipitsidwa kwa mpweya.

Wanchito akavulala kapena kumwalira

Cipepeso ca ngozi za pa nchito cimayendetsedwa ndi bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lake liri ku Ndola, motsatira lamulo la 1999. Ndalama za thumba limeneli zimaperekedwa ndi olemba nchito okha, ndipo siziyenera kudulidwa pa malipiro a wanchito. Wovulala pa nchito angathandizidwe pa ndalama za cipatala, angalandire ndalama pa nthawi imene sakutha kugwira nchito, ndipo akalemala angapatsidwe ndalama za kamodzi kapena penshoni, kulingana ndi kukula kwa cilemaco. Akamwalira, thandizo limapita kwa mkazi kapena mwamuna wake ndi ana.

Udindo wolembetsa ku bungweli ndi wodziwitsa za ngozi mosacedwa ndi wa wolemba nchito, ndipo kulephera kutero ndi kulakwira lamulo. Komabe wovulala kapena abale ake acita bwino kusunga makalata onse a ku cipatala, kulemba tsiku ndi nthawi ya ngoziyo, dzina la amene anapereka lamulo lokazimitsa moto, ndi maina a mboni. Kupatula cipepeso cimeneci, wanchito wolembetsedwa ku NAPSA angakhale ndi danga la penshoni ya olemala, ndipo banja lake lingalandire thandizo la maliro ndi la otsala. Inshuwalansi ya NHIMA imathandiza pa cisamaliro ca ku cipatala.

Aganyu, olonda mapuloti ndi ana

Amene ali pa ngozi yaikulu koposa ndi aja amene maina ao sanalembedwe paliponse. Nthawi yokolola mapulazi amalemba aganyu a masiku ocepa. Pa mapuloti ambiri a ku Silverest pamakhala mlonda ndi banja lake m'kanyumba kozunguliridwa ndi udzu, mwini malo ali ku tauni. Munthu wotere akapsa, funso loyamba limakhala lakuti anali kugwirira nchito yani, ndipo popanda umboni mlandu wake umavuta.

Kuyambira 2015 malamulo a dziko lino amaletsa kulemba munthu monga waganyu pa nchito imene ndi yokhalitsa. Lamulo la 2019 likuti pangano la nchito la miyezi 6 kapena kuposerapo lilembedwe, ndipo ngakhale la pakamwa, wolemba nchito alilembe m'kaundula ndi kupatsa wanchitoyo kope. Kapepala ka malipiro, uthenga wa pa foni wosonyeza ndalama zolandira, kapena buku la kapitao, zonsezi ndi umboni wofunika kusungidwa.

Ana osakwana zaka 18 saloledwa kugwira nchito yoika moyo kapena umoyo wao pa ngozi, ndipo kuzimitsa moto wa m'chire ndi nchito yotero. Ana a m'komboni ya pa pulazi ayenera kukhala oyamba kucotsedwa, pamodzi ndi azimai apakati, odwala ndi okalamba.

Zokonzekera moto usanabuke

Nchito yaikulu yoteteza anthu imacitika mu Meyi ndi Juni. Iyi ndiyo nthawi yolambula njira zochinga moto m'malire a pulazi, kuzungulira minda, makola, nkhokwe, mosungira mafuta ndi mankhwala, komanso nyumba za anyanchito, zimene kawirikawiri zimaiwalika. Njirazo zimalimidwa ndi thirakitala kapena kupalidwa ndi makasu mpaka nthaka itaoneka. Kumweta udzu ndi cikwakwa nkuusiya pomwepo sikuchinga moto. Ku Zimbabwe lamulo linaika mamita 9 monga m'lifupi mocepetsetsa mwa njira yotere, ndipo muyeso umenewu ungathandize alimi a kuno.

Ngati pafunika kuocha udzu, kucitike m'miyezi yoyambirirayi, madzulo kapena m'mamawa mphepo iri zii, anansi ndi a nyakwawa atadziwitsidwa, ndipo moto usasiyidwe usanazimiretu. Eni mapuloti osamangidwa ali ndi udindo wosamala malo ao ngakhale sakhalapo.

Pulazi iri yonse ifunika kusankhiratu anthu ozimitsa moto, akuluakulu athanzi amene avomera okha, ndi kuwaphunzitsa. Apatsidwe maovolosi a thonje, nsapato za cikopa, magolovesi, magalasi oteteza maso, zophimba kumphuno zosefa utsi, zomenyera moto za mphira, mipope yobereka kumsana ndi madzi akumwa okwanira. Mpope umene unali ndi mankhwala utsukidwe bwino usanagwiritsidwe nchito. Thanki ya madzi ikhale yodzala nyengo yonse. Wanchito ali yense adziwe kulira kwa belu kapena simbi yocenjeza, malo okumanirana, ndi geti imene idzakhala yotsegula. Alimi oyandikana acita bwino kupangana za kuthandizana ndi kupatsana manambala a foni.

Moto ukabuka

Coyamba ndi kucenjeza anthu onse ndi kuwawerenga. Kenaka aimbidwe a zozimitsa moto pa nambala 993, apolisi pa 991, ndi ambulansi pa 992 ngati pali wovulala. Magalimoto ozimitsa moto ali m'manja mwa makhonsolo, ndipo cifukwa ca mitunda ndi miseu ya fumbi angatenge nthawi kuti afike. Pa tsoka lalikulu nthambi ya DMMU, ya mu ofesi ya waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko, ndiyo imatsogolera thandizo.

Ozimitsa moto akhale ndi mtsogoleri mmodzi, ndipo pakhale munthu woyang'ana mphepo. Moto umamenyedwa kucokera kumbuyo ndi m'mbali, munthu ataima ca kumene kwapsa kale. Kuima kutsogolo kwake, pamwamba pa citunda kapena pakati pa udzu wosapsa ndi kudziika mu msampha. Malawi akatalika kuposa munthu, zomenyera za m'manja sizithandizanso, ndipo anthu onse abwerere. Malo othawirako ndi pa lupsa, pa munda wolimidwa, pa mseu waukulu kapena pa bwalo lopanda udzu. Munthu asabwerere kukatenga katundu kapena thirakitala. Ziweto zingatseguliridwe makola ngati nthawi ilipo.

Zovala zikagwira moto, munthuyo aime, agone pansi ndi kugubuduka. Pamene papsa pathiridwe madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, mphete ndi malamba zivulidwe thupi lisanatupe, koma nsalu yomamatira isakokedwe. Pa bala pasapakidwe mafuta, mazira, mankhwala otsukira mano kapena phulusa, ndipo matuza asaboolewe. Balalo liphimbidwe ndi nsalu yoyera, wodwalayo atengedwe ku cipatala ca boma ca Chongwe kapena ku Levy Mwanawasa ku Lusaka. Amene wapuma utsi wambiri, wasasa mau kapena wapsa kumaso apite ku cipatala ngakhale aoneke ngati ali bwino, pakuti kutupa kwa pakhosi kumabwera pambuyo pake.

Mmene maiko ena acitira

Ku South Africa lamulo la National Veld and Forest Fire Act la 1998 limalamula mwini malo kukonza njira zochinga moto, kukhala ndi zipangizo, zovala zotetezera ndi anthu ophunzitsidwa, ndipo limalimbikitsa alimi kupanga mabungwe othandizana. Mu 2003 boma la kumeneko linayambitsa pologalamu ya Working on Fire, yophunzitsa acinyamata nchitoyi ndi kuwalipira. Ngakhale ziri tero, mu Julai 2024 ozimitsa moto osacepera 6 anafa pafupi ndi Boston m'cigawo ca KwaZulu-Natal. Ngati moto upha anthu ophunzitsidwa, wanchito wonyamula nthambi ali pa ngozi yoposa pamenepo.

Ku California m'dziko la America, kumene anyanchito ena anapitiriza kuchola mphesa m'madera amene anthu anali atasamutsidwa cifukwa ca moto, boma linaika lamulo la utsi mu 2019. Muyeso wa kuipa kwa mpweya ukafika pa 151, wolemba nchito ayenera kupereka zophimba kumphuno za mtundu wa N95 ndi kucepetsa utsi umene anyanchito akupuma, monga mwa kuwasamutsira kwina kapena kusintha maola a nchito.

Kopita ndi madandaulo

Wanchito amene waumirizidwa kulowa pa moto, wamanidwa zodzitetezera, wadulidwa malipiro kapena wacotsedwa nchito cifukwa cokana ngozi angakaonane ndi ofesala wa za nchito wa unduna wa Labour and Social Security. Amene ali m'bungwe la anyanchito a m'mapulazi la NUPAAW, limene limakambirana mapangano ndi bungwe la olemba nchito la Zambia Farm Employers Association, angayambire kwa woimira wao. Nkhani ikalephereka, ingapite ku nthambi ya Industrial Relations Division ya bwalo lalikulu la milandu, kumene dandaulo liyenera kufika pasanathe masiku 90. Osowa ndalama za loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Board.

Zonsezi zimabwera ngozi itacitika kale. Anyanchito ndi olemba nchito a ku Silverest ndi madera ozungulira akulimbikitsidwa kukhala pansi mvula ikangotha, udzu ukali wauwisi, ndi kugwirizana za amene adzazimitse moto, zimene adzavale, pamene adzalekere, ndi kutsimikiza kuti dzina la munthu ali yense wogwira nchito pa pulaziyo lalembedwa.